Kudziteteza Panthaŵi ya Chivomezi

Nyanja ya Malaŵi ili m'chigwa chachikulu chimene chidapangika kaamba ka kung'ambika kwa nthaka ya kum'maŵa kwa Africa, ndipo kung'ambikako kudakapitirirabe pang'onopang'ono. N'chifukwa chake zivomezi si zachilendo m'maboma a m'mbali mwa nyanja. Pa 10 Malichi 1989 chivomezi chidagwetsa nyumba zambiri ku Salima ndi kupha anthu 9. Mu Disembala 2009 zivomezi zotsatizana zidagwedeza Karonga, ndipo chachikulu chidadza patapita masiku oposa khumi chichitikire choyamba.

Ambiri ovulala pa chivomezi amapwetekedwa ndi makoma, njerwa ndi katundu wogwa. Nyumba za njerwa zomangira dothi zimagwa msanga, makamaka khoma lalitali losongoka lofika kudenga, pakuti palibe cholichirikiza. Tsono nthaka ikayamba kugwedezeka, munthu amene ali m'nyumba ayenera kugwada pansi, kubisala kunsi kwa tebulo lolimba ndi kugwiritsa mwendo wake. Ngati tebulo palibe, afunditse mutu ndi khosi ndi manja, kutali ndi mawindo. Amene ali pabedi atchinjirize mutu ndi pilo. Kuthaŵa mopanikizana pakhomo n'koopsa, chifukwa njerwa zimagwera m'mbali mwa khoma momwemo. Amene chamupeza ali panja apite poyera, kutali ndi nyumba, mipanda ya njerwa ndi mawaya a magetsi.

Kugwedezeka kukaleka, onse atuluke mwadongosolo atazimitsa mbaula, nyali ndi koloboyi. Nyumba yong'aluka isagonedwe kufikira itayang'anidwa bwino. Anthu ena amabwereramo kukatenga ziŵiya kapena thumba la chimanga, osadziŵa kuti chivomezi chotsatira, ngakhale chaching'ono, chimatsiriza kugwetsa khoma limene lafooka kale.

Wovulala wotaya magazi atsindikizidwe pabala ndi nsalu yoyera. Amene akudandaula khosi kapena msana asanyamulidwe mwachisawawa. Ngati pafunika kumchotsa pangozi, agonekedwe pachitseko kapena pathabwa, mutu ndi thupi zili zowongoka, ndipo apite naye kuchipatala.

Matenda nawonso amatsatira. Zimbudzi zikagumuka, zonyansa zimatha kuloŵa m'zitsime, choncho madzi akumwa aŵiritsidwe kapena athiridwe mankhwala a kolorini. Mabanja ogona panja amangirire masikito ngakhale pamsasa waudzu, ndipo ana aang'ono ndi amayi apakati ndiwo ayambe kugonamo.