Kwa achimwene athu a kwa Mbenje

Kalata yanu yafika, achimwene a kwa Mbenje ku Nsanje. Mukuti anzanu kudoko amakusekani poti ndinu msodzi koma mumafunsa za nyenyezi, za malamulo, ngakhale za matenda a mbuzi. Asiyeni aseke! Yambirani pakhomo pomwepo. Kodi mukudziwa kuti Nsanje m'nthawi ya atsamunda ankamutcha Port Herald? Dambo la Elephant Marsh analitcha dzinalo ndi David Livingstone mu 1859, ataona njovu zambirimbiri. Za Mbona wa ku Khulubvi kafunseni agogo, amazidziwa kuposa ine. Namondwe Freddy wa mu 2023 uja anayambira kufupi ndi Australia, tangoganizani mtunda wake! Nyuzipepala yokulungira mlamba ija, muziyamba mwaiwerenga kaye.