Za Batire la Galimoto ndi Makina Amene Amalidzaza

Miyezi ya June ndi July ikafika, kuzizira kumakula m'boma la Mzimba, makamaka kufupi ndi mapiri a Viphya monga ku Luwawa. Nyengo imeneyi ndiyo imene anthu a pa Jenda ndi a pa boma amaona anyamata m'mamawa alikukankha magalimoto amene akana kulira. Ambiri a magalimoto amenewa ndi akale. Ena anabwera ndi anthu ochokera ku Joni, ena anagulidwa atatha kale zaka zambiri m'misewu ya ku Japan. Komatu ndiwo amene amanyamula tomato ndi anyezi kupita nazo ku msika wa Jenda, ndiwonso amene amathamanga ndi wodwala usiku kunka ku chipatala cha Embangweni. Galimoto yotere ikagona, wovutika si mwini wake yekha.

Tsono galimoto ikakana kulira, mawu oyamba kutuluka pakamwa pa aliyense ndi akuti batire latha. Mwini wake amakongola ndalama nakagula latsopano, ndipo galimoto imalira bwino masiku atatu kapena anayi. Tsiku lachisanu yakananso. Apo amayamba kunena wa sitolo kuti anamgulitsa chinthu chachabe, chonsecho batire lakale lija linalibe mlandu, ndipo latsopanoli liribenso mlandu.

Nkhokwe ndi munda

Batire silipanga magetsi. Ntchito yake ndi kusunga basi. Liri ngati nkhokwe. Chimene chimapanga magetsi ndi makina aang'ono ozunguzidwa ndi lamba wochokera ku injini, amene amakaniko amawatcha alternator, ndipo umenewo ndiwo munda. Mlimi akapeza nkhokwe yopanda kanthu sathamangira kumanga ina. Amayamba wafufuza ngati m'munda munatuluka chimanga, ngati chinafikadi pakhomo, ngati nkhokwe yabooka, kapena ngati pali wina amene amatapamo usiku. Mafunso omwewa ndiwo ayenera kufunsa mwini galimoto asanatulutse ndalama.

Batire la mtovu ndi asidi linatulukiridwa ndi Gaston Planté wa ku France m'chaka cha 1859, ndipo mapangidwe ake sanasinthe kwenikweni. Liri ndi zipinda 6, ndipo chipinda chirichonse chikakhala chodzaza chimapereka mavolti oposa 2 pang'ono. Ndicho chifukwa chake batire lotchedwa la mavolti 12 limaonetsa 12.6 likadzaza.

Zoyamba kuona ndi maso

Malo amene amavuta kawirikawiri, ndiponso osalira ndalama, ndi mitu iwiri ya batire pamene amamangapo mawaya. Pamenepa pamamera ufa woyera kapena wobiriwira umene umatseka njira ya magetsi. Munthu atayesa kuliza galimoto, akhudze mitu iwiriyo. Umene watentha ndiwo uli ndi dothi kapena sunamangike bwino. Mankhwala ake ali m'khichini: madzi otentha ndi soda wophikira therere. Atsuke, apale ndi sandipepa mpaka mtovu uwale, amange zolimba, napake Vaseline pamwamba. Asamale kuti madzi a sodawo asalowe m'zipinda, pakuti amapha asidi. Pomasula ayambe ndi waya wa chizindikiro chochotsera, ndipo pomanga amalizire yemweyo. Aonenso kumene waya ameneyu wamangidwa ku chitsulo cha galimoto, popeza misewu ya mabampu monga wopita kwa Khosolo imamasula mabauti, dzimbiri n'kulowapo. Misewu yomweyi imaphwanya m'kati batire limene langoikidwa osamangidwa.

Chachiwiri ndi lamba. Injini itazima, akanikize lambayo ndi chala chachikulu pakati pake. Ngati alowa koposa sentimita imodzi kapena imodzi ndi theka, ndiye kuti wakhwepa. Lamba wokhwepa kapena wosalala amalira mokwiyitsa m'mamawa ndiponso poyatsa nyali, ndipo alternator siizungulira mokwanira. Anthu ambiri agula batire pamene chofunika chinali kukoka bauti limodzi.

Chachitatu ndi kanyali kofiira ka chithunzi cha batire kutsogolo kwa dalaivala. Kameneka kayenera kuyaka potembenuza kiyi, ndi kuzima injini ikalira. Kakayakabe injini iri kulira, batire silikulandira kanthu. Koma chimene ambiri sadziwa n'chakuti kakapanda kuyaka konse, pamenepanso pali vuto. M'magalimoto ambiri akale, magetsi ochepa amene amadzutsa alternator amadzera m'kababu komweko, kotero kuti kababuko kakapsa, alternator yabwinobwino imatha kungozungulira osapanga kanthu. Dalaivala amene anachotsa kababu chifukwa kanali kumsowetsa mtendere anadziputira yekha mavuto.

Kuyesa katatu ndi mita

Kamita koyezera magetsi kamapezeka kwa okonza mawailesi ndi oika magetsi a dzuwa m'malo a malonda, ndipo mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa batire. Aphunzitsi amene ali nako pa sukulu angathe kuthandiza anansi awo, ndipo ana a makalasi aakulu amaphunzira kuwerenga kwake tsiku limodzi. Akatembenuzire pa mavolti 20 a DC, naike chingwe chofiira pa mutu wa chizindikiro chophatikiza, chakuda pa mutu winawo.

Kuyesa koyamba kuchitike m'mamawa galimoto itagona usiku wonse. Mita ikaonetsa 12.6, batire ladzaza. Ikaonetsa 12.2, latsala ndi theka. Pansi pa 12 ndiye kuti nkhokwe yatsala pang'ono kuuma. Koma kuyesa kumeneku kumangonena kuchuluka kwa zimene ziri m'katimo, sikunena ngati batire lafa.

Kachiwiri, mnzake atembenuze kiyi iye alikuyang'ana mita. Sitata imakoka magetsi ambiri, ndipo mavolti amatsika ndithu, koma sayenera kutsika kupitirira 9.6. Batire limene linali lodzaza koma lagwa kufika pa 7 kapena 8 lakalamba, ndipo kuzizira kwa June kwangoulula zimene zinabisika m'miyezi yotentha.

Kachitatu, injini italira, aponde mafuta pang'ono. Mita iyenera kukwera kufika pakati pa 13.8 ndi 14.5. Ayatse nyali zazikulu ndi zina zonse. Ikakhalabe pamwamba pa 13.5, munda ulikubereka. Ikangokhala pa 12 ndi kanthu, kapena ikamatsika pang'onopang'ono, alternator siikudzaza, ndipo batire latsopano lidzauma monga linauma lakale. Nthawi zambiri chimene chatha ndi timaburashi tiwiri ta makala m'kati mwake, kapena regyuleta, ndipo makaniko wa zamagetsi amatha kusintha zimenezi popanda kugula alternator yathunthu. Mita ikapitirira 15, regyuleta yalephera kuletsa. Batire limatentha, limauma madzi msanga, limanunkha ngati dzira loola, ndipo mababu amapsa kawirikawiri. Galimoto yotere isayende ulendo wautali isanakonzedwe.

Amene ali kutali ndi mita angathe kugwiritsa ntchito nyali zakutsogolo. Aziyatse natembenuze kiyi. Zikazimiratu, vuto liri pa batire kapena pa mitu yake. Zikawalabe bwino koma sitata iri chete, afufuze sitata ndi mawaya ake, batire alisiye.

Mbala ya usiku

Zimachitikanso kuti kuyesa konseku kwayenda bwino, koma galimoto ikagona masiku awiri imakana. Apa amasule waya wochotsera madzulo batire liri lodzaza. Likadzuka pa 10.5 liri lokha, chipinda chimodzi chafa ndipo palibe kuchitira mwina koma kugula lina. Likadzuka lodzaza, mbala iri m'galimoto momwemo: wailesi kapena zokuzira mawu zolumikizidwa mwachindunji ku batire, kanyali kosazima, kapena dayodi yopsa m'kati mwa alternator imene imabweza magetsi usiku. Mbala ina ndi ya pakhomo pomwe. Batire la galimoto linapangidwa kuti lipereke mphamvu zambiri kwa kamphindi ndi kudzazidwanso pomwepo. Kulitenga kukaonera kanema kapena kutchajira mafoni mpaka liume kumalifupikitsa moyo.

Chizolowezi chofunika kuleka

Madalaivala ena amayesa alternator pozula waya wa batire injini iri kulira, nati ikapanda kuzima zonse ziri bwino. Njira imeneyi inachokera m'masiku a dainamo, imene inali m'ma Land Rover ndi m'malole akale. Kuyambira pamene kampani ya Chrysler ku America inaika alternator m'galimoto yake ya Valiant m'chaka cha 1960, dainamo inayamba kuchoka, koma chizolowezi chinatsala. Waya akazulidwa, mavolti amalumpha mwadzidzidzi, ndipo angathe kupsereza madayodi ndi kompyuta ya injini, imene mtengo wake umaposa wa mabatire angapo. Chimodzimodzi kusokoneza zingwe pobwereka moto kwa galimoto ina. Chofiira chipite ku chophatikiza mbali zonse ziwiri. Wowotcherera zitsulo nayenso amasule batire asanayambe ntchito pa galimoto.

Batire limene laumiratu lisasiyidwe kwa alternator kuti ilidzaze yokha pa msewu. Lipite kwa otchaja likalandire moto pang'onopang'ono usiku wonse, ndipo lisachedwe, pakuti batire logona louma milungu ingapo silidzukanso. Ngati liri ndi zitsekerero, madzi aphimbe zitsulo za m'kati, ndipo othiramo akhale madzi a batire a m'sitolo. Madzi a pa mjigo ali ndi mchere umene umaononga. Asidi sawonjezera. Pofuna kusuzumira m'zipinda usiku agwiritse ntchito tochi, osati machesi kapena koloboyi, chifukwa mpweya wotuluka m'batire umaphulika. Asidi akagwera m'maso, munthu asambe ndi madzi ambiri kwa nthawi yaitali, napite msanga ku chipatala.

Mwini galimoto amene amaiimika nyengo ya dzinja chifukwa cha matope amasule waya wochotsera, ndipo mwezi ndi mwezi azipita ndi batire kwa otchaja kufikira msewu utauma.