Musanalipire kosi yovuula anzanu pansi pa madzi

Achinyamata a ku Cateme ndi ku Moatize amene aphunzira kale kulowa pansi pa madzi ndi botolo la mpweya kumsana, ambiri maso ali pa ntchito za ku Cahora Bassa kapena m'malo ogona alendo kunyanja. Kosi yotsatira ndi yopulumutsa anzawo. Sukulu zapafupi zili ku Cape Maclear ndi ku Nkhata Bay, podzera pa chipata cha Zóbuè ndi Mwanza. Kwathu kuno ku Mozambique mungapite ku Tofo, ku Inhambane, koma ulendowo ndi wautali.

Zoyamba nzosavuta. Kosiyi, ya Rescue Diver ya bungwe la PADI, imafuna kuti mukhale mutadutsa kale gawo loyamba ndi la Adventure Diver, mutaphunziranso kulondola njira pansi pa madzi ndi kampasi, komanso mutachita maphunziro a chithandizo choyamba ndi CPR m'miyezi 24 yapitayi. Ngati mulibe omalizawa, kosi yake, yotchedwa EFR, imaperekedwa limodzi. Zonse pamodzi konzani madola mazana angapo, mayendedwe ndi malo ogona padera.

Pamene ambiri amaphonya ndi apa: amafunsa mtengo ndi tsiku lotulukira khadi la kosiyo, basi. Inu funsani kuti ntchito yovuula munthu wokomoka mudzaibwereza kangati, m'madzi enieni.

Ntchitoyo ndi iyi. Mnzanu ali pamwamba pa madzi, sakuyankha, sakupuma. Mumutembenuze chagada, mutaye zitsulo zolemera za m'chiuno mwake ndi zanu, muitane thandizo, kenako mumuuzire mpweya pa masekondi 5 alionse, uku mukumukoka, uku mukumuvula zida, nkhope yake osamira ngakhale kamodzi. Ulendo woyamba aliyense amasokoneza. Wina amatanganidwa ndi malamba n'kuiwala kuuzira. Wina amamiza mutu wa wodwalayo pofuna kudzikweza. Manja amazolowera pokhapokha mutabwereza mpaka kutopa. Mphunzitsi akati “tidzachita kamodzi, zina muwonera pa vidiyo,” tengani ndalama zanu muzipita. Funsaninso ngati mudzamukweza nokha m'boti kapena kumutulutsira kumtunda, chifukwa ambiri mphamvu zimawathera pomwepo. Ndikubwereza: kangati, ndipo m'madzi ati. Kosi yopanikizidwa m'masiku awiri, ophunzira ali mulu, siingakupatseni nthawi imeneyo. Sakani ya masiku atatu kapena anayi.

Kenako pemphani kuona botolo la okosijeni. Yankho loti “lilipo mkatimu” musalilandire. Alitulutse, alitsegule, muone muvi wa geji ukukwera, ndipo munene kuti mukufuna kudzalilumikiza ndi manja anu. Munthu akatuluka pansi mofulumira mpweya n'kupanga thovu m'magazi, chipinda chochizira matendawa chili kutali, monga ku South Africa. Okosijeni wa m'boti ndiye amamusunga podikira. Nambala yangozi ya DAN Southern Africa, bungwe lothandiza olowa pansi pa madzi akachita ngozi, mphunzitsi ayenera kukhala nayo pafupi.

Malangizo oipa amene ndatopa nawo ndi oti khadi limeneli likulolani kulowa paliponse. Ayi ndithu. Si chiphaso cha ntchito zomanga kapena kukonza pansi pa madzi, ndipo silikukonzekeretsani kulowa mu mtsinje wa Revúboè wosefukira ngati mmene unachitira namondwe Ana atagumula mlatho mu Januwale 2022. Madzi amatope othamanga, amitengo ndi ng'ona, amafuna maphunziro ena.

Mukasankha Nyanja ya Malawi, funsani ngati akuwerengera kukwera kwa malo. Nyanjayi ili pafupifupi mamita 470 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo kupitirira mamita 300 mawerengedwe a nthawi yokhala pansi amasintha. Mukamaliza, musathamangire basi yokwera mapiri a ku Zóbuè tsiku lomwelo. Gonani, padutse maola 18. Pakapita milungu ingapo kayezetseni likodzo.