Musanaike chokokera kumbuyo kwa tilela

Nyengo yogulitsa chimanga ikafika ku Lundazi, aliyense amafuna kufikitsa matumba ambiri ku depoti ya FRA pa ulendo umodzi. Nzeru yake ndi kuika chokokera kumbuyo kwa tilela ya thirakitala kuti ikokenso ngolo ina kapena thanki ya madzi. Nzotheka ndithu, koma matilela ambiri amathyoka msika usanatsekedwe chifukwa cha malo amene chokokeracho chaikidwa.

Zopala dzimbiri ndi kuyeza pakati mukuzidziwa kale. Gwadani musuzumire pansi. Zitsulo ziwiri zazitali zochokera kutsogolo mpaka kumbuyo ndizo shasi. Kachitsulo kopingasa kumapeto, komwe kamanyamula magetsi ndi nambala, si shasi ayi. Musakokerepo kanthu.

Gulani chanelo chokhuthala, chidulidwe kuti chilowe bwino pakati pa zitsulo ziwirizo, ndipo nsonga zake ziwotchereredwe ku mapuleti. Chokokera chikhale pachanelo chimenechi. Tsono apa ndi pamene anthu amalakwitsa: mapuletiwo amangidwe ndi mabawuti m'mbali mwa shasi, mabowo akhale chapakati, kutali ndi m'mphepete. Mabawuti anayi mbali iliyonse, olembedwa 8.8 pamutu, ndi puleti ina kuseri. Musawotcherere mopingasa pa mlomo wa pamwamba kapena wa pansi wa shasi. Milomo iwiri imeneyo ndiyo imavutika tilela ikamanjanja pamabampu, ndipo moto umaifooketsa.

Wowotcherera waulesi adzakuuzani kuti, "Bwana, ndikagwira ine sizichoka." Akunena zoona, chowotchereracho sichichoka. Chimene chimang'aluka ndi shasi, pambali penipeni pa pamene wawotcha, mwina muli kale pamsewu wafumbi wochokera kwa Mwase mutasenza. Ndibwerezenso: mabawuti m'mbali, moto kutali ndi milomo ya shasi. Akakana, pitani kwa wina.

Kumbukiraninso kuti chokokera chili kumbuyo kwa matayala. Ngolo yachiwiri ikatsamira pamenepo imatukula kutsogolo kwa tilela, ndipo zonse zimayamba kuyenda mokhotakhota. Katundu wolemera akhale m'tilela yoyamba, chakutsogolo, ndipo yachiwiri ikhale yopepuka. Onjezani tcheni chomangidwa ku shasi, osati ku chokokera chomwecho. Waya kapena mphira wa tayala m'malo mwa pini ya chokokera, ayi.

Mtengo wa chanelo, mapuleti, mabawuti ndi ntchito umadalira komwe mwagula zitsulo. Kukonza shasi yothyoka kumaposa pamenepo, osawerengera matumba ogona kutchire.

Mukabwerako ulendo woyamba, limbitsaninso mabawuti onse ndipo muyang'ane mozungulira mabowo. Kamzere kadzimbiri kapena penti yosupuka ndiye mng'alu ukuyamba, tsitsani ngolo yachiwiriyo tsiku lomwelo. Ndipo musanakwere nazo pamsewu waukulu wa Lundazi–Chipata, kafunseni kaye a RTSA, oyang'anira za pamsewu, ngati akuloleza kukoka ngolo ziwiri.