Kompyuta Ikayamba Ulesi, Sanjani Mafailo a mu Hard Disk

Ngati muli ndi laputopu yakale yogula ku Limbe, kapena mumabena nyimbo ndi mafilimu pa Ndunde, mwina mwaona kuti failo yomwe kale inkatseguka msanga tsopano ikuchedwa. Musathamangire kunena kuti ndi vairasi. Mukamaika ndi kufufuta mafailo tsiku ndi tsiku, Windows imadula failo yatsopano nkuika zidutswa zake paliponse pomwe yapeza mpata, ngati chimanga cha munda umodzi chothiridwa m'matumba a m'nyumba zosiyana. Mbale ya m'kati mwa hard disk imazungulira maulendo 5,400 pa mphindi m'malaputopu ambiri, koma kasingano kowerenga kamataya nthawi kusakasaka zidutswazo.

Chida chozisonkhanitsa muli nacho kale, chaulere. Pa Windows 10 kapena 11, dinani Start, lembani "defrag", mutsegule Defragment and Optimize Drives. Pa Windows 7 chimatchedwa Disk Defragmenter.

Pa Windows 10 kapena 11, musanadine china chilichonse, yang'anani pomwe palembedwa Media type. Pakakhala Solid state drive (SSD), isiyeni. SSD ilibe mbale kapena singano, ndipo kuisanja kumangoikalambitsa. Chimodzimodzinso flash ndi memory card. Pakakhala Hard disk drive, dinani Analyze. Ikaonetsa kupitirira 10 peresenti, dinani Optimize.

Konzekerani kaye. Koperani zithunzi ndi makalata ofunika pa flash. Fufutani mafilimu osafunika, mukhuthule Recycle Bin, kuti pafupifupi 15 peresenti ya disk ikhale yopanda kanthu. Popanda malo osunthira, ntchito imangothera panjira. Nkhani ya magetsi ndiye musaiderere: pa disk yodzaza ntchitoyi imatha maola angapo, choncho batire likhale lodzaza, ndipo ogwiritsa ntchito sola ayambe m'mawa dzuwa likadalipo. Kompyuta ya pa tebulo yopanda UPS ndi yomwe ili pa chiopsezo magetsi akathima mwadzidzidzi.

Pali mapulogalamu ena aulere monga Defraggler wa kampani ya Piriform, yemwe amatha kusanja failo imodzi yokha. Ndi wabwino, koma kwa ine si wofunika kuonongerapo bandulo ngati muli ndi Windows 10, yomwe imasanja yokha sabata iliyonse kompyuta ikakhala yoyaka.

Koma disk ikamalira kuti "tiki, tiki", kusanja sikuchiza. Ikufa imeneyo. Chotsani mafailo anu lero lomwe, mukafunse mtengo wa SSD.