Kuzemba sitima zoperekeza mu Silent Hunter III

Gemu ya Silent Hunter III inatulutsidwa ndi Ubisoft mu 2005, moti ngakhale laputopu yakaunjika yogula ku Old Town imaikwanitsa. Wosewera amayendetsa U-boat, sitima ya Germany yoyenda pansi pa madzi, m'nyanja ya Atlantic pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse. Chimene chimagwetsa ulesi ana ambiri n'chakuti akangomiza sitima imodzi ya katundu, sitima zankhondo zoperekeza zimawatulukira n'kuwamaliza. Mukakhala pambali pa mwana amene akusewera, muuzeni kuti asathamange.

U-boat ya mtundu wa Type VII imafika 17 knots pamwamba, koma pansi pa madzi imangofika cha m'ma 7, ndipo mabatire amatha msanga. Destroyer, imodzi mwa sitima zoperekezazo, simungaipose liwiro. Chimene ikusaka ndi phokoso lanu. Mukaponya torpedo, tsitsani periscope, mirani kupyola mamita 150, lamulani silent running n'kuyenda pa 2 knots kapena kucheperapo. Pamenepo anyamata anu amasiya kulonga ma torpedo ndi kukonza zowonongeka, chifukwa zonsezo zimamveka m'madzi.

Valani mahedifoni, makamaka ngati ena akuonera TV pabalaza. Mukamva kulira kwa ASDIC, chipangizo cha adani chofufuzira sitima za pansi pa madzi pogwiritsa ntchito mawu, kukugunda chitsulo cha sitima yanu, dziwani kuti akupezani, ndipo kukhala chete sikukwaniranso. Tembenukani kuti muwaonetse kutsogolo kapena kumbuyo kwa sitima, osati nthiti zake, pakuti mbali yaikulu imabweza mawu ambiri.

Mphindi yofunika koposa ndi pamene mapulopela akumveka pamutu panu. Sitima yoperekeza ikafika pamwamba panu imakutayani, ASDIC yake siona pansi pake, ndipo mabomba ake amatenga nthawi kuti amire kufika pomwe muli. Apa pokha ndiye pothamangira: liwiro lonse, khotani kwambiri, sinthani kuya. Mabomba akaphulika madzi amadzaza phokoso kwa kanthawi. Likayamba kuzirala bwererani pa 2 knots. Mungachite zimenezi kwa ola lathunthu, ndipo ine ndimaona kuti apa mpamene gemuyi imakoma.

Zaka zikamapita mdani amachenjera. Kuyambira 1942 pali Hedgehog, mabomba oponyedwa kutsogolo adani akadali kukuonani, choncho yambani kukhota asanafike pamwamba. Inunso muli ndi Bold, kachitini kotulutsa thovu kosocheretsa ASDIC. Kaponyeni mukukhota, musapitirire njira yomweyo. Mwana akafunsa chifukwa chake 1943 ikuvuta chonchi, muuzeni kuti mu May chaka chimenecho Germany inataya ma U-boat oposa 40.

Za magetsi: ku Area 10, Area 43 kapena Area 47 nakonso amazima. Tchajani laputopu musanayambe, ndipo sevani gemu muli pamwamba pa madzi, kutali ndi sitima zina, musanayandikire gulu la adani. Kuseva muli pansi pa madzi kumatha kuwononga fayilo ya ulendo wonse.