Kuphunzira ndi Kulingalira M'mwezi wa Ramadhani



Ambiri a ife tidasiya madrasa tili ana. Tidaloweza masura ochepa a m'Juzu Amma, kenaka ena nyanja idawaitana, ena ukwati, ena ulendo wa ku Joni, basi kuphunzira kudathera pomwepo. Lero munthu wamera imvi koma Swala yake ndi yomwe ija adaiphunzira asanamere ndevu.

Tikumbuke m'mene Qur'an idayambira kutsika. Mudali m'mwezi ngati uno, chaka cha 610, Mtumiki Muhammad (S.A.W.) ali ndi zaka 40. Iye adali ndi chizolowezi chokakhala yekha m'phanga la Hira, pafupi ndi Makka, kulingalira. M'menemo ndi momwe Jibril adampeza, ndipo lamulo loyamba lidali la kuwerenga. Tsono onani: kukhala chete ndi kuphunzira zidakumana m'phanga limodzi. Ndipo amene adalamulidwa kuwerengayo sadali mwana ai.

Pambuyo pake, Ramadhani iliyonse Jibril ankabwera kudzabwereza naye Qur'an, ndipo chaka chomaliza cha moyo wake adabwereza kawiri. Ngati Mtumiki ankabwereza, nanga ine ndi inu?

Chaka china adandipeza pakhonde la mzikiti bambo wina wachikulire, msodzi, nandinong'oneza kuti: "Shehe, Al-Fatiha ndimaiwerenga, koma chimene ndimanena sindichidziwa." Manyazi adali atamgwira. Ndidamuuza kuti sura imeneyi ili ndi ndime 7 zokha, ndipo timaiwerenga kokwana 17 pa tsiku m'Swala za faradhi. Tidayamba ndime imodzi pa tsiku, itatha Swala ya Asiri. Sabata isanathe kawiri adali atadziwa tanthauzo lake lonse. Kunena zoona, anyamata ena amene adamaliza Msahafu wonse sadafike pomwe adafika bamboyu.

Koma kudziwa kokha sikukwana. Inu a kunyanja mukudziwa chimene chimachitika ndi usipa ukaphedwa wambiri koma osauyanika pathandala: umaolera m'bwato. Momwemonso maphunziro osawakhalira pansi. Imam al-Ghazali adali mphunzitsi wamkulu pa sukulu ya Nizamiyya ku Baghdad, ophunzira ake mazana. M'chaka cha 1095 adaona kuti lilime lake lidadzala nzeru koma mtima uli gwa. Adasiya udindo, napita ku Damascus kukakhala payekha. Sadataye mabuku ai. M'zaka zimenezo ndi momwe adalemba buku lake lalikulu la Ihya, ndipo mu 1106 adabwereranso kukaphunzitsa.

Ife sitingasiye ana ndi maukonde kwa zaka ngati iye. Komabe nthawi ilipo. Mukadya daku, musathamangire kumphasa. Khalani pamkeka mpaka adhana ya Subuhi, tengani ndime imodzi imene mwaphunzira dzulo, dzifunseni kuti ikuti chiyani za malonda anga, za m'mene ndimayankhulira ndi mkazi wanga, za ngongole ija ndikuizemba. Kumaliza majuzu onse 30 pa Tarawehe ndi chinthu chabwino ndithu, koma kuthamanga ngati tikupikisana ndi mzikiti wa mudzi wina, ine sindikuona phindu lake.

Masiku khumi omaliza, amene angathe achite Itikafu mumzikiti monga ankachitira Mtumiki. Anyamule Msahafu ndi buku la tanthauzo, nkhani za mitengo ya nsomba azisiye panja pamodzi ndi nsapato.

Ndipo inu abambo, amayi asathere mwezi wonse pamoto kukonza futari. Tumani ana akatunge madzi ndi kutola nkhuni, kuti nawonso amayi apeze mpata wopita ku darasa la masana.